Kuyenda m'chipululu pa galimoto yogonamo kuchokera ku Lusaka: mafunso ndi mayankho

Chichotsereni mipando m'Hiace yathu n'kuikamo bedi, kabati ndi chitofu cha gasi, anthu sasiya kufunsa. Ena amatiimitsa potuluka m'tchalitchi ku Chilenje, ena kuntchito, ena pamalo omwetsera mafuta akangosuzumira pawindo n'kuona matiresi. Mafunso ake amakhala omwewomwewo, choncho ndawasonkhanitsa pano. Ndayankha monga mmene ine ndi mayi a kunyumba tinazionera ku Botswana ndi ku Namibia.

Kodi motorhome n'chiyani, nanga ikusiyana bwanji ndi kalavani?

Motorhome ndi galimoto yomwe nyumba ndi injini zili thupi limodzi: mumayendetsa, mukaima mumaphika ndi kugona momwemo. Kalavani ilibe injini, imachita kukokedwa. Palinso mtundu wachitatu umene uli wofala kwambiri m'chipululu, womwe ndi Hilux kapena Land Cruiser yokhala ndi tenti yopinda padenga. Mitundu itatuyi siyenda malo ofanana, ndipo mayankho ambiri pansipa akudalira pa mtundu umene muli nawo.

Kuno ku Lusaka motorhome yochokera kufakitale siioneka kawirikawiri. Ambiri amene ndikuwadziwa anachita kusandutsa Hiace, Coaster kapena Rosa, zomwe zija timakwera popita m'tauni.

Chipululu chapafupi ndi Lusaka n'chiti?

Ndi Kalahari, ku Botswana. Koma musayembekezere mchenga wokhawokha ngati wa pa TV. Mbali yaikulu ya Kalahari ili ndi udzu, minga ndi timitengo. Chimene mulibe ndi madzi oyenda pamtunda. Mchenga wake ndi womwe uja wa ku Mongu ndi ku Kalabo, chifukwa unayala mpaka kumadzulo kwa Zambia. Amene anayendetsapo galimoto ku paki ya Liuwa, kufupi ndi Kalabo, analawa kale Kalahari asanadinditse n'komwe pasipoti.

Mapiri a mchenga ofiira amene anthu amajambulitsapo ali ku Namib, m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic ku Namibia. Kumeneko ndiye chipululu chenicheni: malo ena chaka chimatha mvula osagwa, ndipo zomera ndi tizilombo zimadalira nkhungu yochokera kunyanja, imene imabwera chifukwa cha madzi ozizira oyenda m'nyanjamo, otchedwa Benguela.

Tidzere njira iti?

Njira zonse zimayambira pamodzi: Kafue, Mazabuka, Monze, Choma, Kalomo mpaka Livingstone, mtunda wa makilomita pafupifupi 470. Pa galimoto yolemera limeneli ndi tsiku lathunthu. Gonani ku Livingstone kuti pa boda mukafike m'mawa.

Opita ku Kalahari awolokere pa mlatho wa Kazungula, umene unatsegulidwa mu May 2021 m'malo mwa pantoni ija inkachedwetsa anthu. Maofesi a maiko onse awiri ali pamalo amodzi. Mukawoloka mumatsika ndi msewu wa A33 kudzera ku Pandamatenga mpaka ku Nata, makilomita pafupifupi 300, ndipo apo ndiye pakhomo pa zigwa za mchere za Makgadikgadi. Kuchoka ku Nata mutha kulowera ku Maun, Ghanzi, n'kukalowa Namibia pa Buitepos kulunjika ku Gobabis ndi Windhoek.

Opita ku Namib mwachindunji angathe kudzera ku Sesheke, kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Katima Mulilo wa mu 2004, n'kutsata msewu wa B8 kudutsa paki ya Bwabwata, Divundu, Rundu ndi Grootfontein. Kuchoka ku Lusaka kukafika ku Windhoek njira imeneyi ndi makilomita pafupifupi 1,900. Msewu wa pakati pa Kazungula ndi Sesheke wakhala zaka zambiri uli ndi mbiri ya maenje, choncho funsani madalaivala a malole ku Livingstone mmene ulili sabata imeneyo. Akakupukusirani mutu, lowani Botswana pa Kazungula, mudutse ku Kasane mukalowe Namibia pa Ngoma.

Pa boda amafuna mapepala anji?

Pasipoti yotsala ndi miyezi yoposa 6, laisensi, White Book (chikalata cha umwini wa galimoto), ndi kalata ya apolisi a Interpol yosonyeza kuti galimotoyo si yakuba. Ngati White Book ili m'dzina la munthu wina, la kampani, kapena galimoto idakali pa ngongole ya banki, pamafunikanso kalata yodindidwa yokulolani kutuluka nayo m'dziko. Nzika za Zambia ndi za Malawi sizifunika viza pokacheza ku Botswana kapena ku Namibia.

Ambiri amadabwa kumva kuti Yellow Card, inshuwalansi ya galimoto ya m'maiko a COMESA, siwathandiza kumeneko. Maiko awiriwa sali mu COMESA. Ku Botswana mumalipira pa boda msonkho wa msewu pamodzi ndi inshuwalansi yawo. Ku Namibia mumalipira msonkho wa galimoto yolowa m'dziko, wotchedwa Cross-Border Charge, ndipo lisiti lake mulisunge bwino chifukwa amalifuna m'maroadblock ndiponso potuluka.

Amene muli ndi ana osakwana zaka 18, tengani zikalata zawo zakubadwa. Ngati kholo limodzi latsala, litumize kalata yolumbirira yovomereza ulendowo. Ndinaonapo banja lina litakhala pabenchi pa boda kuyambira m'mawa, likudikira kuti bambo amene anatsala ku Kabwe atumize kalata.

Laisensi yanga ya masiku onse ikwanira?

Laisensi ya Zambia imagwira ntchito m'maiko a SADC. Chofunika kuyang'ana ndi kalasi. Kalasi B imalekeza pa galimoto ya makilogalamu 3,500, ndipo Hiace imalowa m'menemo. Coaster kapena Rosa imaposa pamenepo, ndiye musanayambe kuwotcherera mabedi pitani ku RTSA, bungwe loona za malaisensi ndi kalembera wa magalimoto, mukafunse za kalasi yoyenera ndi za kusintha kalembedwe ka galimotoyo.

Mwezi wabwino kupita ndi uti?

Kuyambira May mpaka August. Masana kumatentha bwinobwino, misewu ndi youma, udzudzu ndi wochepa. Koma usiku, abale, kumazizira. Mu June ndi July ku Kalahari kumatha kufika pansi pa 0, madzi otsala m'beseni panja n'kuuma gwa. Chisanu cha ku Lusaka chimene timadandaula nacho mu July n'chamasewera. Tengani mabulangete aakulu ndi zipewa.

Kuyambira October kutentha kumatha kupitirira madigiri 40, ndipo galimoto yachitsulo imasanduka uvuni. Nyengo ya mvula, November mpaka March, ili ndi zoopsa ziwiri. Zigwa za Makgadikgadi zimaoneka zouma pamwamba pomwe pansi pali matope omeza galimoto mpaka m'mimba. Ndipo ku Namibia mitsinje youma imasefukira mwadzidzidzi ndi mvula yogwa kutali kumapiri, inu pamene mulipo dzuwa likuswa mtengo. Pa chifukwa chimenechi musamange msasa m'khwawa louma, ngakhale mchenga wake utafewa bwanji.

Galimoto yanga si 4x4. Ndingapitebe?

Mungapite, bola muvomereze kuti pali malo amene simukafikako. Funso ili ndi limene anthu amakangana nane kwambiri, makamaka azibambo, chifukwa aliyense amakhulupirira kuti ukatswiri wake pa chiwongolero ungalowe m'malo mwa magiya amene galimoto ilibe.

Ndi galimoto wamba mutha kufika ku Nata, Maun, Windhoek, Swakopmund ndi Walvis Bay pa tala yekhayekha. Mutha kufikanso ku Solitaire ndi Sesriem pa misewu yamiyala ngati mukuyenda mofatsa. Kuchoka pa geti la paki la Sesriem kulowa ku Sossusvlei, chigwa chozunguliridwa ndi mapiri a mchenga ofiira aja, pali tala wa makilomita pafupifupi 60, ndipo Dune 45, phiri la mchenga lotchuka lija, lili m'mbali mwa msewu womwewo pa kilomita ya 45. Makilomita 5 omaliza ndi mchenga wakuya. Pamenepo pali poimika magalimoto, ndipo pali magalimoto a 4x4 onyamula anthu pamtengo wake. Ife tinasiya Hiace yathu pamthunzi n'kukwera amenewo, ndipo m'njira tinadutsa galimoto ziwiri zodula kuposa yathu zitakwiririka mpaka m'zitseko.

Kumene musayese n'komwe popanda 4x4 yeniyeni ndi ku Central Kalahari Game Reserve, malo aakulu kuposa masikweya kilomita 52,000 opanda pomwetsera mafuta, ndiponso ku Kubu Island, chilumba cha miyala ndi milambe pakati pa chigwa cha Sua. Motorhome yaitali, ngakhale ikhale 4x4, imavutikabe m'tinjira timeneti chifukwa cha kulemera ndi nthambi za minga.

N'chifukwa chiyani mumachenjeza kwambiri za misewu yamiyala? Ifenso kwathu kumudzi tili nayo.

Chifukwa ya kwathu ndi yoipa, ndiye imakukakamiza kuyenda pang'onopang'ono. Ya ku Namibia ndi yotakasuka, yowongoka, yosalala poiona, ndipo mulibe njinga, mbuzi kapena ngolo. Phazi limalemera lokha osadziwa. Kenaka pamabwera kona, kapena dzenje la fumbi, kapena mulu wa timiyala umene gireda inasiya pakati. Galimoto yaitali yolemera kumwamba ikayamba kuvina matako, woyendetsa amaponda buleki ndi kukhotetsa mwamphamvu, basi yagubuduzika. Alendo ambiri amene amavulala ku Namibia amavulala motero, galimoto ili yokhayokha pamsewu.

Ine pa miyala sindipitirira makilomita 60 kapena 70 pa ola. Magetsi ndimayatsa ngakhale masana. Galimoto ina ikamabwera kutsogolo ndimachepetsa liwiro n'kupatukira kumanzere, chifukwa timiyala touluka timaswa galasi, ndipo fumbi likaphimba sindipitirira wina aliyense mpaka ndione kutsogolo.

Pali malo ena msewu umachita mizeremizere ngati malata. Pa C14, kuchoka ku Walvis Bay kupita ku Solitaire, tinagwedezeka kwa maola mpaka zomangira za kabati zinamasuka. Titangodutsa Kuiseb Pass ndinamva phokoso kumbuyo ngati wina wagwetsa thireyi paukwati. Chitseko cha kabati chinali chitatseguka, botolo la mafuta ophikira litasweka, shuga ndi mpunga zili mbwee pansi, zonse zitasakanikirana ndi fumbi lofiira. Mayi anangoyang'ana n'kunena kuti, "Bambo a Chisomo, si munati kalipentala wanu uja ndi katswiri?" Kuyambira pamenepo kabati iliyonse ili ndi loko wake, mabotolo agalasi tinawasiya, ndipo madzulo alionse ndimazungulira galimoto ndi sipanala.

Matayala ndiwachite bwanji?

Tengani masipeya awiri, osati amodzi, ndipo akhale matayala olimba a galimoto zonyamula katundu, olembedwa C kapena LT m'mbali. Matayala a salaula ogula m'mbali mwa msewu asiyeni kuno. Mufunikanso geji yoyezera mpweya, pampu yolumikiza ku batire, zomatira panchala, jeke yamphamvu ndi thabwa lochindikala loikapo jekeyo, chifukwa pamchenga jeke imangomira.

Pa miyala phwetsani pang'ono kuti tayala lisamadumphedumphe ndiponso lisabooke msanga. Pamchenga wakuya a 4x4 amatsitsa mpweya mpaka geji itasonyeza 1.5 bar kapena kucheperapo, kuti tayala litambalale. Galimoto yolemera musaitsitse kwambiri chotero, ndipo tayala lophwetsa musathamange nalo, limatentha n'kuphulika. Mukangobwerera pa tala, imani mupope.

Madzi titenge ochuluka bwanji?

Akumwa okha, malita 5 pa munthu patsiku, kuphatikizapo ena a masiku awiri kapena atatu amene simuwakhudza pokhapokha zitavuta. Ophikira ndi osamba ndi apadera. Musaike madzi onse m'thanki imodzi: ikabooka ndi mwala simudziwa mpaka mutatsegula mpopi. Ife timagawa m'zigubu za malita 20, tozimangirira pansi pakati pa galimoto. Kumbukirani kuti lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye zigubu 5 zikulemera ngati munthu wamkulu ndi mwana. Katundu wolemera asakwere padenga, pa chifukwa chimene ndafotokoza pa funso la misewu yamiyala.

Madzi a m'zitsime zina za ku Kalahari ndi amchere. Amachapa mbale koma tiyi wake simungamumalize.

Nanga mafuta?

Lamulo ndi limodzi: mukaona pampu, dzazani, ngakhale thanki ili pa theka. Pakati pa Walvis Bay ndi Solitaire pali makilomita oposa 200 opanda pomwetsera, ndipo m'timatauni tating'ono mafuta amatha kapena makina a khadi amafa, choncho khalani ndi ndalama m'manja. Ku Botswana ndi pula. Ku Namibia ndi dola yawo, imene imafanana mphamvu ndi randi ya ku South Africa, ndipo randiyo amalandiranso. Kwacha sinthiranitu kuno kapena ku Livingstone.

Mchenga ndi mphepo yowomba kutsogolo zimamwetsa mafuta kuposa mmene munazolowerera pa Great East Road. Powerengera mtunda, siyani gawo limodzi mwa magawo atatu a thanki ngati losakhudza.

Tingatenge nyama ndi ufa wathu? Nsima tikadya bwanji?

Nyama yaiwisi musatenge. Maiko awiriwa amagulitsa ng'ombe kunja, ndiye amaopa kwambiri matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Ali ndi mipanda italiitali yokhala ndi mageti pamsewu. Ku Namibia geti lodziwika lili pa Mururani, pakati pa Rundu ndi Grootfontein, ndipo ku Botswana mukumana nalo musanafike ku Nata. Amatsegula firiji, ndipo nyama yaiwisi yochokera kumpoto siidutsa kupita kummwera. Ku Botswana nthawi zina amakutsitsani kuti muponde pa chiguduli cha mankhwala, nsapato zonse za m'chikwama nazonso. Sikuti mukasowa ndiwo: nyama ya kumeneko ndi yabwino, mukagula kutsidya kwa geti.

Ufa wa chimanga uli m'sitolo iliyonse chifukwa nawonso amadya nsima, angoitcha maina ena. Chimene muyenera kunyamula ndi mthiko ndi chipande chanu. Vuto la nsima m'chipululu ndi mphika: kuutsuka kumadya madzi. Ife timathira kapu imodzi ya madzi ukadali wotentha, n'kuvundikira. M'mawa nkhoko zimakhala zitafewa, zimachoka ndi supuni.

Gasi ndi mphepo sizigwirizana, ndiye konzani chotchingira. Mbaula ndi yabwino panja, koma musailowetse m'galimoto usiku kuti muothe, ngakhale kuzizire chotani. Utsi wa malasha m'chipinda chotseka umapha anthu ali m'tulo. M'mapaki saloleza kutola nkhuni, mumagula za m'mitolo panjira.

Kodi tingangoima paliponse n'kugona?

Ayi. Malo ooneka ngati opanda mwini ku Namibia nthawi zambiri ndi famu ya munthu, paki ya boma kapena dera la mudzi. Malo ogona a misasa ndi ambiri, ndipo ochuluka ali ndi madzi otentha, magetsi ndi pootchera nyama. A m'mapaki a Namibia ambiri amayendetsedwa ndi Namibia Wildlife Resorts, ndipo m'miyezi yozizira amadzaza, choncho sungitsanitu malo. Kugona mkati mwa geti la Sesriem kuli ndi phindu lake: geti lamkati limatsegulidwa kudakali mdima, ola limodzi dzuwa lisanatuluke, pomwe ogona kunja amadikira kutuluka kwa dzuwa.

Fikani pamalo ogona dzuwa lisanalowe. Usiku musayende, onani funso lotsatira.

Zilombo sizivuta?

Choopsa kwambiri ndi nyama yodutsa pamsewu usiku. Pa A33 ndi mu Bwabwata njovu zimawoloka nthawi iliyonse, ndipo mumdima njovu sioneka mpaka mwaiyandikira. Kwina ndi abulu, ng'ombe, ngoma ndi njiri.

Pamsasa samalani zinkhanira. Cha mchira wonenepa ndi timanja tating'ono ndicho chaululu woopsa, makamaka kwa ana. Valani nsapato zotseka kukada, kutumulani nsapato m'mawa musanavale, ndipo musapise dzanja pansi pa mwala. Ankhandwe ndi afisi amaba chilichonse chosiyidwa panja, ndi nsapato zomwe. Misasa ya ku Central Kalahari ilibe mpanda ndipo mikango imadutsa, ndiye ana asatalikire galimoto.

Malungo aliko ku Katima Mulilo, Rundu, Kasane ndi Maun monga kwathu kuno. Neti musaisiye.

Tikatitimira mumchenga, kapena galimoto ikafa, tichite chiyani?

Matayala akangoyamba kuzungulira pamodzimodzi, chotsani phazi. Kuponda moto kumangokumba manda a galimoto. Tsikani, phwetsani matayala, fosholoni mchenga kutsogolo ndi kumbuyo kwa tayala lililonse ndi pansi pa mimba, yalani mateti a galimoto kapena matabwa, tsitsani anthu ndi zigubu, kenaka bwererani m'mbuyo pang'onopang'ono m'mapazi anu omwe. Ngati ndi masana dzuwa lili paliwombo, dikirani: mchenga wozizira wa m'mawa ndi madzulo umakhala wolimbirapo.

Injini ikafa, musaisiye galimoto n'kuyamba kuyenda pansi. Galimoto ili ndi mthunzi ndi madzi, ndipo imaoneka patali kusiyana ndi munthu. Pa misewu ya manambala oyamba ndi C ku Namibia, monga C14 uja, pamadutsa ena tsiku lisanathe, ndipo anthu a kumeneko ali ndi khalidwe loima akaona wina wakweza boneti. Musananyamuke m'mawa uzani wachibale kapena a pamalo ogona kumene mukupita ndi nthawi imene mukuyembekeza kufika.

Mvula ikangotha, tinjira ta ku Kalahari timakhala ndi udzu wautali pakati. Njere zake zimatseka rediyeta, ndipo udzu wouma umakodwa pafupi ndi ekisozi n'kuyaka. Mangani neti kutsogolo kwa rediyeta, muziima pafupipafupi n'kusokolotsa udzu ndi waya, ndipo chozimitsira moto chikhale pofikira dzanja, osati pansi pa masutikesi.

Foni imagwira?

M'matauni ndi m'misewu ikuluikulu imagwira. Gulani simu ya kumeneko, MTC ku Namibia, Mascom kapena Orange ku Botswana, ndipo polembetsa amafuna pasipoti. Mukapatuka pa tala, netiweki imasowa kwa maola. Koperanitu mapu m'foni mudakali pa intaneti, ndipo mukhalenso ndi mapu apepala. Nthawi imene foni imalonjeza kuti mufika musaikhulupirire pa miyala, onjezanipo theka.

Firiji ndi magetsi mumayendetsa ndi chiyani?

Batire yachiwiri, yosiyana ndi yolizira injini, yomwe imatchajidwa galimoto ikamayenda ndiponso ndi sola ya padenga. Mukalumikiza firiji ku batire ya injini, tsiku lina m'mawa kiyi idzangoti kete, muli pamalo opanda wokukankhani. Fumbi limaphimba sola msanga, muziipukuta.

Ndilibe galimoto yotere. Kubwereka n'kotheka?

N'kotheka, ndipo pa ulendo woyamba mwina ndiye nzeru. Makampani obwereketsa ali ambiri ku Windhoek, ena ku Maun ndi ku Johannesburg. Mutha kupita pa ndege kapena pa basi n'kukatengera galimoto komweko. Werengani pangano mofatsa: matayala, magalasi ndi kunsi kwa galimoto kawirikawiri sizikhala pa inshuwalansi wamba, ndipo makampani ambiri anaika kachipangizo kolemba liwiro, moti mukachita ngozi mutapyola malire awo mumalipira nokha. Ngati mukufuna kuwoloka nayo boda, nenani pobwereka kuti akupatseni kalata.

Tiyambire pati poyeserera?

Pafupi. Pakirani galimoto ndendende ngati mukupita ku Namib, madzi ndi zonse, mukagone masiku awiri ku Siavonga kapena ku Itezhi-Tezhi. Mukaona nokha chimene chikugwedera, chimene mwaiwala ndi chimene mwanyamula chabe. Yeserani kusintha tayala ndi jeke yanuyo galimoto ili yodzaza, ndipo amene mukuyenda nayeyo ayesenso, kuti nonse mudziwe. Ife pa ulendo woyeserera tinapeza kuti sipanala ya mawilo imene inabwera ndi galimoto sinkalowa pa manati a kumbuyo, ndipo tinakagula ina ku Kamwala Lolemba lake.